Phiri la Mulanje ndi Mkungudza Wake: Mbiri ya Kusamala ndi Kusakaza Chuma cha Makolo

Aliyense amene wafika pabwalo lino, kaya wadzera ku Thyolo, ku Chiradzulu, ku Phalombe kapena ku Muloza, wayenda akuliona phiri la Mulanje patsogolo pake. Popeza lero ndi tsiku lokumbukira makolo, nkoyenera kuti tikumbukirenso phiri limene linawasunga makolowo: mmene iwo ankalisamalirira, mmene linasakazidwira m'zaka zoposa 100 zapitazi, ndi ntchito imene ikugwiridwa tsopano kuti libwerere m'chimake.

Phiri ndi madzi ake

Akatswiri a miyala amati phirili linayamba zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo, pamene mwala wosungunuka unakwera kuchokera pansi pa dziko nkuuma usanatulukire kunja. Mvula ndi mphepo zinakokolola nthaka yofewa imene inaukuta, ndipo chotsala ndicho chimwala chachikulu chimene tikuchionachi, chotambalala makilomita pafupifupi 650 m'bwalo lake lonse. Nsonga yake yaitali, Sapitwa, ndi yotalika mamita 3,002, ndipo m'Malawi monse mulibe malo ena okwera kuposa pamenepo. Pamwamba pali zidikha za udzu monga Lichenya, Chambe, Thuchila ndi Sombani, ndipo m'zigwembe za pakati pa zidikhazo ndimo munali nkhalango zowirira.

Mphepo yachinyezi yochokera kunyanja yamchere ikafika paphirili imakwera nkusanduka mitambo ndi mvula. Ngakhale m'miyezi yozizira kumagwa mvula yamawawa ya chiperoni, imene inatenga dzina kuphiri la Chiperone ku Mozambique. Udzu ndi mizu ya mitengo zimasunga madziwo ngati nkhokwe nkumawatulutsa pang'onopang'ono chaka chonse. Umu ndimo mmene imabadwira mitsinje ya Ruo, Likhubula, Thuchila, Lichenya, Muloza, Sombani ndi Phalombe. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'maboma a Mulanje ndi Phalombe muli anthu oposa 1 miliyoni, ndipo ambiri mwa iwo amamwa, kuthirira mbewu ndi kuchapa ndi madzi a mitsinje imeneyi. Masiku ano madzi a Likhubula amayenda m'mipope mpaka ku Nguludi, kumene amayeretsedwa kuti akamwedwe mumzinda wa Blantyre.

Anthu a patsinde pa phiri

Akuluakulu amasimba kuti oyamba kukhala kuno anali Akafula, anthu aafupi amene ena amawatchula kuti Amwandionerapati, ndipo zida zamiyala zimene zapezeka m'mapanga zimatsimikiza kuti kunali alenje kalekale. Pambuyo pake kunakhazikika Amang'anja, alimi ndi osula zitsulo. M'zaka za m'ma 1800 kunafika Ayao, ndipo mayina a mafumu monga Matipwiri, Mkanda ndi Chikumbu anamveka m'dera lino. Kuyambira m'zaka za m'ma 1890, Alhomwe ochuluka anawoloka malire kuchokera ku Mozambique pothawa nkhanza za Apwitikizi, msonkho ndi njala. Iwo anachokera kudziko la phiri la Namuli, limene amalilemekeza monga chiyambi cha mtundu wawo, motero kulemekeza phiri sichinali chinthu chachilendo kwa iwo.

Mitundu itatu yonseyi inagwirizana pa chinthu chimodzi: phiri ndi mudzi wa mizimu, ndipo m'mudzi wa eni munthu salowa mwachipongwe. Dzina lakuti Sapitwa likunena lokha kuti kumeneko sikupitidwa. Pa Dziwe la Nkhalamba, pamtsinje wa Likhubula, akuluakulu ankathira nsembe popempha mvula ndi popepesa mizimu. Ankatinso munthu akapeza chakudya chokonzedwa kale m'phiri, adye yekha mwakachetechete, osaitana mnzake ndiponso osatengako kupita nacho kumudzi. Nkhalango za kumanda ndi za nsembe zinali zosagwetsamo nkhwangwa. Uzimba unali ndi nyengo yake, ndipo mfumu ndiyo inkaloleza, nkulandirako gawo lake la nyama.

Tisanene kuti makolo sankatenga kanthu m'phiri. Ankatengamo nsungwi, udzu wofolera, uchi, bowa, zipatso, mankhwala ndi ndiwo zanyama, ndipo pa nthawi ya nkhondo zogwira akapolo ankabisala m'mapanga ake. Koma anthu anali ochepa, zida zawo zinali nkhwangwa ndi uta, ndipo mantha a mizimu anali ngati mpanda. Malamulo awo sanalembedwe papepala, komabe zotsatira zake zinali zooneka: kumagwero a mitsinje kunkakhala kosakhudzidwa.

Atsamunda, tiyi ndi malire a boma

Mu 1891 Angerezi analengeza kuti dziko lino lili pansi pa chitetezo chawo, ndipo Harry Johnston anakhala bwanamkubwa woyamba. Mu 1893 anamanga linga la Fort Lister pampata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi, pamene pankadutsa amalonda a akapolo popita kunyanja yamchere. M'zaka zomwezo azungu anatenga malo aakulu kummwera kwa phiri, kumene kumagwa mvula yambiri. Anayamba ndi khofi, kenaka tiyi m'minda ya Thornwood ndi Lauderdale, ndipo nkhalango zambiri za m'munsi zinagwetsedwa kuti minda ikule. Anthu akuda, makamaka Alhomwe ongofika kumene, anakhala pamalo a azungu polipira ndi thukuta lawo mwa thangata, ndipo ena anapanikizana pamalo ochepa otsala. Kuchepa kwa malo kumene lero kukukankhira anthu kulima m'mbali mwa phiri kunayambira pamenepo.

Mu 1927 boma la atsamunda linalengeza kuti phiri la Mulanje ndi nkhalango yotetezedwa. Lamuloli linathandiza kusunga magwero a madzi, koma linabweretsanso vuto lina. Phiri limene linali m'manja mwa mafumu ndi mizimu linasanduka "la boma", ndipo mwana wa m'mudzi wokatola nkhuni anayamba kuonedwa ngati wakuba. Munthu akauzidwa kwa zaka zambiri kuti chinthu si chake, amaleka kuchisamala. Amangodikira tsiku limene mlonda wagona.

Mkungudza, mtengo wa fuko

Palibe chimene chikuonetsa bwino mbiri imeneyi kuposa mkungudza. Mtengowu umamera mwachilengedwe paphiri la Mulanje pokha, pamalo okwera mamita apakati pa 1,800 ndi 2,500, ndipo ukakhwima umatha kutalika mamita 40. Thabwa lake ndi lonunkhira, lopepuka, losavuta kupala, ndipo chiswe ndi chinyezi sizilitha msanga. Mu 1891 Alexander Whyte, katswiri wa zomera amene ankagwira ntchito pansi pa Johnston, anakwera phirili nkutumiza nthambi ndi njere zake ku London. Kumeneko mtengowu unapatsidwa dzina la sayansi lakuti Widdringtonia whytei pokumbukira iyeyo, ngakhale kuti eni ake kuno anali ataudziwa kale ndi dzina lake.

Zaka za m'ma 1890 zisanathe, macheka anali atayamba kulira m'phiri. Matabwa ankachekedwa pamanja ndi amuna awiri, wina pamwamba wina m'dzenje, ndipo ankatsika nawo pamutu m'tinjira totsetsereka. Anamangira nyumba za boma ndi za mishoni, denga, zitseko ndi mipando. Pambuyo pake anakhomera mabwato a panyanja ya Malawi ndi mabokosi osema ogulitsa kwa alendo. Tinyumba togonamo okwera phiri, timene bungwe la Mountain Club of Malawi lakhala likuthandiza kusamala chiyambire 1952, tambiri tinamangidwanso ndi mkungudza.

Chilengedwe cha mtengowu chili ndi msampha wake. Mbande zake sizikula mumthunzi wa nkhalango yowirira. Zimafuna malo owala, monga m'mphepete mwa nkhalango mmene moto unadutsa kale. Koma moto ukabweranso mbandezo zisanakule, zimapsa zonse, ndipo chitsa cha mkungudza sichiphukanso. Kale moto waukulu unkabwera mwa apo ndi apo. Alenje a mbewa, osaka nyama ndi ocheka matabwa atayamba kutentha chaka ndi chaka, mitengo ikuluikulu inkafa popanda ana olowa m'malo mwake.

Panabweranso adani ena awiri. Akuluakulu a zankhalango a nthawi ya atsamunda anabzala paini wochokera ku Mexico, makamaka ku Chambe, ndipo painiyo anakula msanga, anamwaza njere zake, nkulanda malo amene mkungudza ukanameramo. Cha m'ma 1986 m'dziko muno munafika nsabwe za m'mitengo zochokera kunja, zimene zimayamwa madzi a m'nthambi, ndipo zinaumitsa mitengo yambiri.

Mu 1984 Dr Hastings Kamuzu Banda analengeza kuti mkungudza ndi mtengo wa fuko la Malawi. Ulemu umenewu sunauteteze. Lamulo linkalola kucheka mitengo youma yokha, ndipo ena adyera anapeza njira: ankausenda khungwa mtengo wamoyo kapena kuusonkhera moto patsinde, kuti chaka chamawa adzaupemphere chilolezo monga mtengo wakufa. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 nkhalango za mkungudza zinali mahekitala pafupifupi 1,460. Pofika 2004 zinali zitatsika kufika pa mahekitala 845, ndipo mwa mitengo itatu iliyonse yoimirira, pafupifupi umodzi unali wouma. Kucheka kovomerezeka kunatha mu 2007, koma kucheka mozemba kunapitirira usana ndi usiku. Ofufuza amene anayendera phiri lonse mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu yobereka njere isanu ndi iwiri yokha. Mu 2019 mayiko a pangano la CITES anaika mkungudza m'gulu la mitengo imene malonda ake opita kunja ayenera kulondolozedwa, koma nthawiyo nkuti madzi atatayika kale.

Pokamba zimenezi tisathamangire kuloza chala mnyamata wosenza thabwa. Iye ankalandira ndalama yochepa potsika ndi katundu wolemera pathanthwe loterera, pamene phindu lenileni linkapita kwa ogula a m'mizinda ndi kwa amene ankatsinzina pazipata. Mlanduwu ndi wa m'badwo wonse, kuyambira wocheka mpaka wogula bokosi lonunkhira.

Nyama zimene zatsala

Agogo athu ankasimba za nyama zikuluzikulu m'zigwa zozungulira phiri, koma izo zinatha kale chifukwa cha mfuti ndi kukula kwa minda. M'phirimo mwatsala chinkhoma chodumpha m'matanthwe, mbira, gwape, mbawala, nguluwe, nungu, anyani ndi anchima, ngakhale kuti misampha yawaya ndi agalu a alenje zazichepetsa kwambiri. Kambuku, amene kale mapazi ake ankaoneka kawirikawiri m'tinjira, lero ndi wosowa.

Chuma china cha phirili ndi tinthu ting'onoting'ono timene ambirife timatipeputsa. Muli mitundu ya zomera yoposa 1,000, ndipo makumi angapo mwa iyo sipezeka kwina kulikonse padziko lapansi. Mulinso achule, abuluzi ndi agulugufe a kuno kokha. M'nkhalango za ku Ruo mumakhala bilimankhwe wina amene asayansi anamutcha Nadzikambia mlanjensis, ndipo dzinalo analitenga ku liwu lathu lakuti nadzikambe. Mbalame yosowa yotchedwa Thyolo alethe imadalira nkhalango zonyowa zomwezo. Nkhalango ikasanduka uvuni wa makala, zamoyo zoterezi zilibe phiri lina lothawirako.

Napolo

Makolo ankati m'kati mwa phiri mumakhala Napolo, chinjoka chimene chikamasamuka kupita kunyanja chimagumula miyala ndi kukokolola zonse za panjira yake. Mu Disembala 1946 chinadutsa ku Zomba. Mu Marichi 1991 madzi osakanikirana ndi miyala anatsika kuphiri la Michesi nkugwera Phalombe, ndipo anthu mazanamazana anataya miyoyo. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula yoopsa kwa masiku angapo. Anthu oposa 1,000 anafa m'dziko muno, ndipo madera monga Nkhulambe ndi Muloza anavulala koopsa. Pabwalo lino pali mabanja amene misozi yake sinaume, ndipo tikulira nawo.

Kunena zoona, mvula yochuluka chomwecho imatha kugumula ngakhale phiri lovala nkhalango. Komabe mizu imagwira dothi, masamba ogwa amachepetsa liwiro la madzi, ndipo mitengo ya m'mbali mwa mtsinje imatchinjiriza gombe. Pamene padulidwa ndi kutenthedwa, madzi amatsika onse nthawi imodzi, ndipo chilimwe chikafika mtsinje womwewo umaphwa. Wokhulupirira Napolo ndi wophunzira sayansi akukumana pamfundo imodzi: phiri likavulidwa, ovutika ndi a patsinde.

Ntchito yobwezeretsa

Lamulo la zankhalango la 1997 linatsegula khomo limene linatsekedwa mu 1927, polola kuti midzi igwirizane ndi boma posamala nkhalango ndi kugawana zokolola zake. M'midzi munakhazikitsidwa makomiti oyang'anira zachilengedwe, ndipo zigawo zina za nkhalango zinaperekedwa kwa anthu mwa pangano lolembedwa. Mu 2000 bungwe la UNESCO linazindikira Mulanje monga malo apadera osungirako zamoyo. M'nyengo yomweyo kunabadwa bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, limene linalandira thumba la ndalama kudzera ku World Bank kuti phindu lake lizithandiza ntchito za m'phiri chaka ndi chaka, mogwirizana ndi Dipatimenti ya Zankhalango.

Ntchito zake ndi za manja ndi thukuta. Mvula ikatha, magulu a anthu amakwera kukalambula njira zotchinga moto ndi kutentha udzu usanaumitsitse, kuti moto wa mu Seputembala ndi Okutobala usapeze chakudya. Paini wolowerera wakhala akudulidwa m'zidikha. M'midzi mwalimbikitsidwa ulimi wa njuchi, maiwe a nsomba, mbaula zosatha nkhuni ndi minda ya mitengo ya pakhomo. Ku Bondo madzi a Lichenya amapukusa makina a magetsi amene amaunikira nyumba, sukulu ndi chipatala, ndipo anthu a kumeneko aona ndi maso kuti mtsinje ukachepa, magetsi nawo amachepa. Achinyamata ambiri amapeza ndalama poperekeza alendo ndi kuwanyamulira katundu, ndipo mpikisano wa chaka ndi chaka wothamanga m'phiri watchukitsa dera lino.

Kuyambira 2016 bungweli, pamodzi ndi Botanic Gardens Conservation International ndi Forestry Research Institute of Malawi, linayamba ntchito yopulumutsa mkungudza ndi thandizo la Darwin Initiative ya ku Britain. Mwamwayi, mkungudza wina unabzalidwa kale paphiri la Zomba, ndipo njere zambiri zinachokera kumeneko. M'midzi yozungulira phiri munakhazikitsidwa nazale, mmene amayi ndi abambo amafesa njere m'machubu, kuzithirira, nkugulitsa mbandezo kuntchitoyi. Mbande zikwi mazanamazana zasenzedwa pamutu kukwera tinjira tomwe tija matabwa ankatsikira.

Tisadzinamize kuti nkhondo yatha. Mbande zambiri zafa ndi moto, chisanu ndi chilala, ndipo akatswiri akuyesabe kuti aone malo ndi zomera zoyandikana nazo zimene zimathandiza mbande kupirira. Uvuni wa makala ukufukabe m'mbali mwa phiri chifukwa mizinda yathu ikuphikirabe makala. Ndiponso mkungudza sufulumira: wobzala lero sadzauona utafika msinkhu wa imene agogo ake anadula. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Chuma cha pansi ndi ulemu wa dziko lonse

Kuyambira zaka za m'ma 1920 zakhala zikudziwika kuti pachidikha cha Lichenya pali dothi lopangira aluminiyamu, ndipo m'zaka zaposachedwa ku Chambe kwafufuzidwa miyala ina yamtengo wapatali. Nkhani yokumba imabwera nkupita, nkubweranso. Dziko losauka silinganyoze chuma, koma dothi limenelo lili pamwamba penipeni pa magwero a mitsinje. Mgodi uli ndi zaka zowerengeka, pamene mtsinje wosamalidwa ulibe tsiku lotha. Mafumu ndi anthu awo ali ndi ufulu womva zonse poyera ndi kufunsidwa maganizo chisankho chisanachitike.

Mu Julaye 2025, pamsonkhano wa ku Paris, UNESCO inalemba phiri la Mulanje m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi. Ndi malo achitatu a Malawi kulandira ulemuwu, kutsatira Lake Malawi National Park mu 1984 ndi zojambula za pamiyala za ku Chongoni mu 2006. Chofunika kuchimvetsa nchakuti phirili linalembedwa chifukwa cha chikhalidwe: chifukwa cha mizimu, nsembe ndi miyambo ya Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe. Zimene ena ankazitcha zachikunja ndi zachikale ndizo zimene dziko lapansi laziona kuti ndi zamtengo wapatali. Mawu a akulu akoma akagonera.

Udindo wathu

Ulemu umenewu wabwera ndi ngongole. Dziwe la Nkhalamba likaphwa, nsembe idzathiridwa pati? Sing'anga adzakumba kuti mankhwala, ndipo ng'oma imene ikulira pabwalo lino idzasemedwa ndi mtengo uti? Mwambo umakhala ndi moyo pamene malo ake ali ndi moyo.

Inu mafumu athu, mawu anu akadali ndi mphamvu m'midzi. Bwezeretsani malamulo a nkhalango za kumanda, za m'mbali mwa mitsinje ndi za kumagwero, ndipo woyatsa moto m'phiri aziyankha pabwalo lanu. Inu anankungwi ndi akuluakulu a zinamwali, pakati pa malangizo amene mumapatsa ana muikepo mayina a mitengo, a nyama ndi a mitsinje, chifukwa mwana sasamala chimene sadziwa dzina lake. Inu ana a kuno okhala ku Blantyre, ku Lilongwe, ku Johannesburg ndi kutsidya kwa nyanja, musagule thabwa kapena chosema cha mkungudza, ndipo pothandiza kumudzi muzikumbukira nazale ya kwanu. Inu achinyamata, moto umodzi wosakira mbewa umatha kupsereza ntchito ya zaka khumi.

Makolo anatisiyira phiri lovala, ndipo m'badwo wathu walivula. Komabe mbande zili m'nthaka pa Lichenya, pa Chambe, pa Thuchila ndi pa Sombani, ndipo zikufuna alonda m'chilimwe chilichonse kufikira zitakula. Pochoka pano, mudzi uliwonse upangane za tsiku lokalambula njira zotchinga moto ndi za malo obzalapo mitengo mvula ikayamba, kuti podzakumananso chaka chamawa tidzauzane zimene tachita.